Chitseko cha Mlombwa

Linali Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka. Chitsulo cha kusukulu chinali chitangolira kuti ana atuluke akapume, ndiye kuti inali 10 koloko m'mawa. Ine ndinali pabwalo, ndikupuntha nyemba. Mateyu anali kumsana, asanayambe ngakhale kukhala pansi. Rozina, mwana wanga woyamba, ankatola nyemba zodumphira m'dothi n'kumaziika m'chipewa cha bambo ake.

Mfuti inalira cha kusitolo. Kenako zinalira zambiri. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe.

Kwathu kunali ku Angonia, m'dziko la Mozambiki. Inu obadwa pambuyo mumapitako pa njinga yamoto kukagula nyemba n'kubwerako tsiku lomwelo. Nthawi imeneyo kunali nkhondo. Tinkaimva ikutchulidwa m'midzi ya kutali. Tsiku limenelo inafika pathu.

Bambo a Rozina anatulukira kuseri kwa khola akuthamanga. Anali mmisiri wa matabwa, ndipo utuchi unali udakali m'tsitsi mwawo. Ananyamula Rozina n'kundiuza kuti ndisalowe m'nyumba. Sindinalowe. Ndinangokoka chitseko n'kukoloweka waya pamsomali, monga ndinkachitira popita kudimba.

Tinadutsa m'munda wa chimanga. Chinali chitayamba kuuma, masamba ake ankacheka kumaso. Titafika kudambo tinagona pansi m'nzimbe za eni ake. Ndinamupatsa bere Mateyu kuti asalire. Anthu a mfuti anadutsa panjira ya kumtunda. Ndinangoona miyendo. Ena anavala majombo, ena analibe nsapato. Mpaka lero sindidziwa kuti anali a mbali iti.

Utsi unakwera cha kusukulu.

Madzulo tinakumana ndi anthu ena a m'mudzi mwathu, tonse tikulowera kum'mawa. Pakati pathu panali a Nangozo, mayi wokalamba wa nyumba yoyandikana ndi yathu. Pa chitunda china anakhala pansi, navula mpango wa kumutu, nayamba kuupinda bwinobwino. Anati tizipita, atipeza. Tinapita.

Tinagona m'thengo. Kutacha tinawoloka kamtsinje ka mabango, kenako tinaona msewu wa tala. Malire ake ndi omwewo. Palibe mpanda, palibe mtsinje waukulu. Mbali iyi Mozambiki, mbali iyo Malawi. Basi inadutsa, anthu a m'katimo akudya nzimbe, akutiyang'ana pa mawindo. Tsidya linalo mayi wina ankaunjika mbatatesi m'mbale kuti agulitse. Tinawoloka msewuwo, palibe anatiletsa.

Tinakhala pansi pa mitengo ya bulugamu, pafupi ndi mudzi wina kunsi kwa phiri la Dedza. Tinalipo ambiri. Anthu a m'mudzimo ankabwera ndi madzi ndi mbatata zophika, n'kumafunsa mifunda. Mayi wina wamasiye, a Nachisale, anaima pamaso pa bambo a Rozina n'kuwafunsa mfunda wawo. Iwo anati ndi a Phiri, koma mayi awo owabereka anali Nachisale. Mayiyo anati ndiye kuti ndinu mwana wanga, nyamukani.

Tinagona m'khitchini mwawo, pamodzi ndi nkhuku yofungatira. Patapita masiku anatilozera malo kumapeto kwa munda wawo wa mbatatesi, kumene munda umakumana ndi mitengo ya paini. Kumeneko kunalibe nyumba ina.

Bambo a Rozina anadula nsichi, namanga denga. Ine ndinatunga madzi, ndinaponda dothi, ndinamata. Udzu unali usanakhwime, tinafolera womwewo. Kanyumbako kanali kakang'ono, munthu atagona mapazi ankakhudza khoma. Koma khomo lake linali lalikulu.

Analiyeza ndi thupi lawo. M'lifupi, kuyambira pakati pa chifuwa mpaka kunsonga ya chala, n'kuwonjezera chikhatho. M'litali, mpaka pamene dzanja lawo linkafika akalikweza. Mkamwini wa a Nachisale, a Lufeyo, amene ankagwira ntchito yocheka matabwa kuphiri, anaima n'kuyang'ana.

"Achimwene, kodi mukufuna ngolo izilowa momwemo ndi ng'ombe zomwe?"

Bambo a Rozina anaseka. "Chitseko chake chilipo kale. Chikungodikira mwini wake."

Chitsekocho anachipanga chaka chimene tinakwatirana. Chinali cha mlombwa, matabwa anayi okhuthala. Mtengo wake anadula okha, nacheka okha ndi mnzawo. M'mudzi mwathu monse nyumba zinali ndi zitseko za bango, yathu yokha ndiyo inali ndi cha matabwa. M'malo mwa mahinjesi anakhomera mphira za tayala. Chakumunsi, thabwa limodzi linali ndi bowo la mfundo, lolowa chala chachikulu. Ankalitseka ndi chitsononkho. Rozina ankachichotsa kuti azisuzumira panja, iwo n'kumabwezera.

Podikira chitsekocho tinapachika saka pakhomo. Sakalo silinkafika pansi, ndiponso m'mbali linkasiya mpata.

Moyo wa kuno unayamba choncho. Tinalembetsa mayina, tinkalandira ufa, nandolo ndi mafuta ophikira pa mzere. Ndinkagwira ganyu yokumba mbatatesi, n'kundilipira timbatatesi tating'ono tosagulika. Kumsika wa ku Boma sindinkalowa. Pachipata pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, ine ndinalibe. Ndinkatuma a Nachisale mchere.

Chilankhulo chinali chimodzi, koma ankatidziwa tikangotsegula pakamwa. Ine ndinkati sabawo, iwo ankati sopo. Kuchitsime amayi ankandilonjera bwino, kenako ankapitiriza nkhani za anthu amene sindinkawadziwa. Ndinkaseka pamene iwo aseka. Kutchalitchi nyimbo zina zinali zomwe zija za kwathu, koma mawu ake ankasiyana pang'ono. Ndinkangotsatira ndi kukhosi.

Palibe anatichitira nkhanza. Zimenezi ndizinene.

Amuna ambiri othawa nkhondo ankabwerera kwawo mozemba kukatenga chakudya. Chimanga chathu chinali chitauma m'munda, ndipo ukaima pachulu cha kuseri kwa kanyumba kathu unkaona phiri la kwathu. Bambo a Rozina anapita nawo. Anabwera ndi chimanga m'thumba, khasu langa ndi mphika. Anati nyumba ilipo, sinatenthedwe, waya udakali pamsomali. Mbuzi zokha ndizo kunalibe. Za a Nangozo sananene, inenso sindinafunse.

Ulendo wina anabweretsa sowo ndi nyundo.

Mwezi wa Meyi utapita pakati mphepo inasintha. Inkatsika kuphiri, n'kudutsa m'mapaini ikulira, n'kufikira pa khomo lathu. Kwathunso kumazizira chimodzimodzi. Koma kwathu tinali ndi chitseko, mabulangete awiri ndi nkhuni za m'munda mwathu. Kuno nkhuni zinali za nkhalango ya boma, yokhala ndi alonda. Tinkatola timitengo togwa tokha ndi mapesi a m'minda ya eni. Moto wa mapesi suchedwa kuzima.

Tsiku lina m'mawa bambo a Rozina anagwira phazi la Mateyu. Analisunga m'dzanja mwawo nthawi yaitali. Kenako anati mawa akukatenga chitseko ndi mabulangete.

Ndinawauza kuti anthu akunena kuti njira yaipa. Ndinati tiluke cha mapesi, monga anzathu achitira. Iwo anati khomo limeneli n'lalikulu, cha mapesi mphepo idzachipinda tsiku limodzi. Anati njira akuidziwa, ndipo chitseko si ng'ombe, sichilira panjira.

Ananyamuka m'bandakucha, Lachinayi. Anatenga nyundo yozulira misomali ndi luzi. Pakhomo anatembenuka.

"Nabanda, mundisungire madzi otentha. Pobwera khosi lidzakhala litauma."

Loweruka ndinatereka madzi. Anazizira. Lamulungu ndinaterekanso.

Amene anapita nawo anabwera mmodzimmodzi. Anati anasiyana nawo pa mphambano ya kumudzi, aliyense kulowera kwake. Wina anati anamva kukhoma cha kunyumba kwathu. Palibe anawaona pobwerera.

Juni anafika ndi chifunga. Masiku ena dzuwa silinkatuluka mpaka masana, phiri la Dedza losaoneka, la kwathu losaoneka. Madzi a mumtsuko ankaluma mano. Mapazi a Rozina anang'ambika zidendene, ndinkawapaka mafuta ophikira a pa mzere aja. Tinkagona atatu pa mphasa imodzi, titafunda bulangete limodzi lolandira ndi chitenje changa. Mateyu ndinkamuika pakati. Saka la pakhomo ndinkalitsendereza ndi miyala, koma mphepo inkalikankha n'kulowa m'mbali. Pofika m'mawa phulusa la pamoto linkapezeka litamwazikira pa bulangete.

Masana ndikaweruka ku ganyu ndinkakhala pachulu paja. Msewu unkaoneka, ndi kanjira kotsikira ku mabango. Munthu wosenza chitseko amaonekera patali. Ndinkaona osenza matumba, osenza mitolo ya udzu. Tsiku lina ndinaona chinthu chachikulu chophwatalala chikubwera pamutu pa munthu. Ndinaimirira. Linali lata.

A Lufeyo anabwera ndi kachitseko ka zigwagwa, timatabwa totsala kocheka matabwa kuja. Anakapanga okha Lamulungu masana. Anakaimika pakhomo. Kanali kakafupi ndi kakang'ono, mbali imodzi kankasiya mpata wolowa mwana. Anati vuto palibe, tiimike nsichi ziwiri, timate dothi m'mbali ndi pamwamba, khomo lichepe.

Ndinathokoza. Ndinati adikire pang'ono, eni ake ali m'njira.

Sanakangane nane. Anakatsamiritsa kukhoma, kuseri kwa nyumba, napita.

Ndikudziwa kuti wina powerenga adzati mayiyu analibe nzeru. Koma khomo lija linali muyeso wa chifuwa chawo ndi dzanja lawo. Pa zinthu zonse za m'kanyumbako, ndi lokhalo limene linkanena kuti munthuyu abwera. Kwathu mkazi sasintha chimene mwamuna wamanga mwini wake ali paulendo. Amene amatero ndi wamasiye.

Mateyu anayamba kutsokomola. Poyamba chinali chifuwa wamba. Kenako anasiya kuyamwa bwino. Ankagwira bere, n'kulisiya kuti apume. Popuma nthiti zinkalowa m'kati.

Sabata yomweyo mwana wa banja lina la kwathu anamwalira, kumisasa ya kufupi ndi msewu. Anali wamkulu pang'ono kuposa Mateyu. Eni mudzi anapereka malo m'mphepete mwa manda awo. Ndinapita nawo. Dothi linali lolimba, makasu ankalira.

Kutacha ndinabereka Mateyu, ndinayenda wapansi mpaka kuchipatala cha ku Boma. Anati ndi chibayo. Anamubaya jakisoni, natigoneka masiku angapo. Rozina anatsala ndi a Nachisale. Potuluka namwino anandiuza kuti mankhwala achita mbali yake, koma mwanayu asagonenso pa mphepo. Anafunsa ngati nyumba yathu imatsekeka. Ndinati imatsekeka.

Nditafika ndinapeza a Nachisale atakhala pakhomo pathu, akusenda nyemba ndi Rozina. Anamulandira Mateyu, namusuzumira m'chitenje, namvetsera kupuma kwake. Anamutuma Rozina kukatunga madzi. Kenako analankhula osandiyang'ana.

"Mayi a Rozina, ine amuna anga ndinawaika ndi maso angawa, ndiye za kudikira sindingakuphunzitseni. Koma mwana wangayo akabwera, apeze khomo laling'ono. Asapeze manda aang'ono."

Anamaliza nyemba zawo, nakung'untha chitenje, napita.

M'mawa mwake ndinatenga khasu lija anabweretsa. Ndinakumba dothi la pachulu pomwe ndinkakhala. Ndinaponda ndekha. Madzi anali ozizira, miyendo inachita dzanzi mpaka m'mawondo. A Lufeyo anaimika nsichi asanapite kuntchito, nakhomera kachitseko kaja. Zomata ndinamata ine.

Rozina ankandipatsira dothi. Anagwira ntchito mpaka mpata wa m'mbali unatsekeka. Kenako anafunsa.

"Amayi, nanga ababa akabwera nacho, chilowa bwanji?"

"Tidzagumula."

Anaganiza pang'ono, nati iye ndiye adzayambe kugumulako.

Dothi latsopano linali lakuda, lakale lotuwa. Ngakhale litauma mzere wake unkaonekabe. Aliyense wodutsa ankatha kuona pamene khomo linkalekezera kale.

Kachitseko ka zigwagwa kankanunkhira utomoni wa paini. M'mipata yake ndinatsekamo nsanza. Kutacha tsiku loyamba phulusa linali pamalo pake, ndipo pansi pa phulusalo panali khala lamoto. Ndinagwira phazi la Mateyu. Linali lofunda.

Sanachire msanga. Julayi yense anatsokomola. Koma anayambanso kuyamwa mpaka kugona bere lili m'kamwa. Tsiku lina ndinamukhazika pa mphasa padzuwa, kuseri kwa khoma kosafika mphepo, ndipo anakhala yekha osagwa. Panalibe womuuza. Ndinauza Rozina, amene anali ataona kale.

Pachulu ndinkapitabe, koma osati tsiku lililonse. Udzu unakhwima, ndinamweta wofolera bwino denga. A Nachisale anandipatsa mizere ingapo m'dimba mwawo, ndinabzala mpiru ndi anyezi. Rozina anapeza mnzake wosewera naye phada. Anayamba kunena kuti sopo.

Chakumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ndinali kuthirira kudimba. Rozina anabwera akuthamanga. Anati chitseko chikubwera.

Ndinasiya ndowa. Nditakwera kumtunda ndinachiona chikudutsa m'munda wa mbatatesi. Anachinyamula anthu awiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Ndinayang'ana wakutsogolo, ndinayang'ana wakumbuyo. Anali a Zakaliya a kumudzi kwathu ndi mphwawo.

Anachitsitsa pabwalo, navula zipewa. Anati anachipeza m'mabango, tsidya la kamtsinje kaja, pamalo pamene msewu wa tala umaonekera. Anapatuka panjira pothawa phokoso, n'kuchiponda. Chinali chitagona chafufumimba, udzu utamera m'mbali mwake. Pambali pake panali nkhata ya udzu. Luzi lomangira katundu linali lodulidwa ndi mpeni, mabulangete panalibe. Anati anafufuza m'mabango monse, kumtunda ndi kumunsi. Sanapeze munthu, sanapeze fupa, sanapeze chovala.

A Zakaliya anati anthu a mfuti akakumana ndi mwamuna wamphamvu ankamutenga kuti aziwasenzera katundu. Ena ankabwerako. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi.

Ndinagwada n'kuchigwira. Chiswe chinali chitayesa m'mphepete, n'kulephera. Mphira za tayala zinali pomwepo, misomali itawongoledwa bwino n'kukulungidwa m'kansanza, kansanzako atakamangirira ku mphira. Chitsononkho chinali chitawola. Rozina analowetsa chala pabowo.

Bambo a Rozina anali atachisenza mtunda wonse uja. Kunatsala kuwoloka madzi ofika m'mawondo, ndi kukwera kamtunda.

Ndinadikira mpaka mvula yoyamba. Kenako akuluakulu a kwathu amene tinathawa nawo anakhala pansi ndi a Nachisale, nagwirizana kuti mwambo uchitike, ana asakule ndi maliro osatha. Mtembo ukasowa amaika thunthu la nthochi. Wina anati matabwa a bokosi alipo kale, ndi chitsekocho, poti ndi mmene timachitira matabwa akasowa. Ndinakana. Ndi mawu okhawo amene ndinalankhula pa bwalo limenelo. Thunthulo analikulunga mu mphasa.

Atandimeta, ndinabwerera kunyumba ndi Rozina. Ndinamupatsa khasu. Linali lolemera kwa iye, koma anatema kamodzi pa mzere wa dothi latsopano uja, kadothi kanagwa. Kotsalako ndinagumula ine.

A Lufeyo anabwera ndi nyundo yawo. Anaimika chitsekocho pakhomo. Sanapale paliponse, sanawonjezere kanthu. Chinalowa, n'kukhala. Anachitsegula, nachitseka, nachitsegulanso. Anakhomera misomali yomwe ija ya m'kansanza.

"Anali mmisiri munthuyu," anatero.

Kachitseko ka zigwagwa tinakapereka kwa mayi wina wa kumisasa amene anali ndi khanda.

Nkhondo itatha anthu ambiri anabwerera. Inenso ndinapita kukaona. Nyumba yathu inali itagwa, pabwalo patamera mtengo wa nsatsi. Ndinafunsa kwa amene anatengedwa n'kubwerako. Ndinatchula dzina, ndinafotokoza msinkhu ndi chala chawo chimene sowo inadula nsonga. Palibe anawadziwa. A Nangozo nawonso palibe anawaona. Ndinagona masiku awiri kwa msuweni wanga, n'kubwerera ku Dedza. A Nachisale anali atayamba kudwaladwala, ndipo wowatungira madzi ndinali ine. Ndinawasamala mpaka tinawaika.

Rozina anakwatiwa cha ku Kasina, ali ndi ana ake. Mateyu ndi bambo tsopano, amagulitsa mbatatesi pamsewu womwe uja. Nkhope ya bambo ake saidziwa. Nyengo yozizira ikafika amatsokomolabe pang'ono. Pondimangira nyumba ya njerwa ankafuna kuika chitseko chachitsulo, cha loko. Ndinamuuza womanga kuti ayambe wayeza chitseko chakale, khomo litsatire. Mateyu anadandaula, koma anachisenza yekha kuchokera ku kanyumba kaja. Atachitsitsa anakhala pansi akusisita khosi.

Ndimakhala ndekha. Ndimalima mbatatesi ndi anyezi pa malo amene a Nachisale anandisiyira. Meyi akafika pakati ndimachotsa chitsononkho chakale pabowo lija, n'kuikapo chatsopano. Dzuwa likamalowa ndimatseka chitseko.